Phunziro la Mwezi Uno: Nkhope za pa Zithunzi ndi Mmene Anthu Amazionera

Palibe mlangizi wa zaumoyo amene amagwira ntchito yake popanda zithunzi. Pa khoma la chipatala pamakhala chithunzi cha mayi woyamwitsa, cha mwana wolandira katemera, kapena cha bambo wokumba chimbudzi, ndipo pa sikelo ya ana anamwino amatembenuza masamba a zithunzi pamene akuphunzitsa za kadyedwe koyenera. Ambiri mwa anthu amene amapachika zithunzi zimenezi amaganiza kuti nkhope ndi chinthu chosavuta kumva: womwetulira ndiye kuti wakondwa, wa tsinya ndiye kuti wakwiya, ndipo palibenso chofunsa. Phunziro la mwezi uno likutsutsa maganizo amenewa. Nkhope yojambulidwa kapena yosemedwa siinena zonse payokha. Woonayo amatenga tanthauzo lake kuchokera ku zinthu zimene zaizungulira, ku mau amene wauzidwa, ku chithunzi chimene waona poyamba, ndiponso ku zimene zili mumtima mwake pa nthawi imeneyo, ndipo akatero amalumbira kuti zonsezo waziona pankhopepo. Amisiri a zojambula anazindikira zimenezi kalekale. N'chifukwa chake phunziroli liyamba ndi ntchito zao za kumaiko akutali lisanafike pa khoma la chipatala.

ALENDO A CHARLES DARWIN

M'chaka cha 1862 dokotala wina wa ku France, Duchenne de Boulogne, anasindikiza buku la zithunzi za nkhope za anthu. Iyeyu ankagunditsa mawaya a magetsi ochepa mphamvu pa minofu ya kumaso kwa munthu kuti minofuyo ikokeke, ndipo nthawi yomweyo nkhopeyo inkajambulidwa ndi kamera. Amene anajambulidwa kwambiri anali nkhalamba ina yopanda mano, imene khungu la kumaso kwake silinkamva kupweteka kwenikweni. Pansi pa chithunzi chilichonse dokotalayo analemba chimene nkhopeyo inkaonetsa, kaya ndi mantha, chisoni, kudabwa kapena chimwemwe.

Zithunzizi zinafika m'manja mwa Charles Darwin wa ku England, amene m'chaka cha 1872 anatulutsa buku lonena za mmene anthu ndi nyama amaonetsera zakukhosi. Poyamba Darwin anaona zithunzizo akuwerenga pamodzi ndi mau a Duchenne, ndipo anagoma nazo poona kuti pafupifupi chilichonse chinkagwirizana ndi dzina lake. Pambuyo pake anachita chinthu chanzeru. Anatenga zina mwa zithunzizo nazionetsa kwa anthu ophunzira oposa 20, popanda kuwauza kanthu, nawafunsa kuti nkhopeyo ikuonetsa chiyani. Zithunzi zina pafupifupi onse anazizindikira msanga, koma pa zina mayankho anasiyana kotheratu. Darwin anavomera m'buku lakelo kuti akadaziona popanda mau ofotokoza, nayenso akadasokonezeka monga alendo akewo. Mau aja ndiwo anali atamuonetsa mantha ndi chisoni pamene panalibe chizindikiro chokwanira.

Mlangizi amene wapatsidwa chithunzi kulikulu, nauzidwa tanthauzo lake pa msonkhano, ali pa malo amene panali Darwin tsiku loyamba lija. Mayi wa kumudzi amene sanauzidwe kanthu, ndipo mwina satha kuwerenga mau a m'munsi mwa chithunzicho, ali pa malo a alendo aja.

NKHOPE IMODZI, NKHANI ZITATU

Chitsanzo chotchuka koposa pa nkhani imeneyi chinachokera ku Russia pamene luso la kanema linali lakhanda. Cha m'ma 1920, mnyamata wina wopanga kanema ku Moscow, Lev Kuleshov, anatenga kachidutswa ka filimu yakale koonetsa nkhope ya Ivan Mosjoukine, katswiri wa zisudzo amene anali wotchuka kwambiri m'dzikomo. Nkhopeyo inasankhidwa dala chifukwa inali phee, yosaseka ndiponso yosalira. Monga anafotokozera mnzake wa Kuleshov, Vsevolod Pudovkin, kachidutswako anakalumikiza ndi zinthu zitatu zosiyana. Koyamba nkhopeyo inatsatana ndi mbale ya supu ili patebulo. Kachiwiri inatsatana ndi bokosi la maliro mmene munagona mayi wakufa. Kachitatu inatsatana ndi kamtsikana kakusewera ndi chidole.

Anthu amene anaonera sanadziwe kuti nkhopeyo inali imodzi yomweyo. Iwo anatamanda katswiriyo kwambiri. Anati pa mbale ya supu ankaoneka wolingalira mozama, pa bokosi la maliro anali ndi chisoni chachikulu, ndipo poyang'ana kamwana kaja anali kumwetulira pang'ono mokondwa. Chonsecho Mosjoukine sanaone mbaleyo, bokosilo kapena mwanayo, pakuti nkhope yake inajambulidwa kale pa nkhani ina.

Apa mpofunika kunena zoona zonse. Filimu ya Kuleshov inatayika, ndipo amene anaifotokoza pambuyo pake sagwirizana pa zinthu zimene zinalimo. M'chaka cha 1992 aphunzitsi awiri a ku America, Stephen Prince ndi Wayne Hensley, anayesa kubwereza ntchitoyi ndi munthu wina wa nkhope ya phee, ndipo ambiri mwa oonera anangoti nkhopeyo sikuonetsa kanthu. Koma ofufuza ena m'zaka za 2006 ndi 2016, amene anakonza mayeso ao mosamala, anapeza kuti chinthucho chilipodi: nkhope yomweyo imaweruzidwa mosiyana malinga ndi chithunzi chimene yagundana nacho, ngakhale kuti kusiyanako sikukhala kwakukulu monga ankanenera Pudovkin. Opanga kanema sanadikire ofufuzawo. Mpaka lero akafuna kuti oonera aone chisoni pa nkhope ya munthu, kawirikawiri amangoonetsa manda, kenaka nkhope yosachita kanthu, ndipo oonera amamaliza okha ntchitoyo.

Buku la masamba otembenuza limene anamwino amaphunzitsira ndi kanema ndithu, kungoti ndi woyenda pang'onopang'ono. Ngati tsamba lachitatu likuonetsa mwana wofooka ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo lachinayi likuonetsa mayi akumwetulira atanyamula chikho cha madzi a mchere ndi shuga, wojambula amafuna kunena kuti mayiyo wapeza chithandizo. Koma woonera amene maso ake akadali pa mwana uja angathe kuona mayi wopanda chisoni, woseka mwana ali kufa. Masamba akasinthanitsidwa, nkhope nazonso zimasintha ngakhale palibe wazikhudza.

THUPI LIMAPOSA NKHOPE

Mu mzinda wa Rome, m'tchalitchi cha Santa Maria della Vittoria, muli chosema cha mwala woyera chimene mmisiri Gian Lorenzo Bernini anamaliza cha m'ma 1652. Chimaonetsa Teresa Woyera wa ku Avila atakomoka, mutu uli chagada, maso ali otseka pang'ono, kukamwa kuli yasa, ndipo pambali pake paima mngelo wogwira muvi. Munthu ataona nkhope yokhayo angathe kunena kuti ndi mayi amene ali m'zowawa za imfa. Wina angati ndi munthu amene chimwemwe chamupitirira. Teresa mwini wake analemba kuti pa masomphenya amenewo anamva zonse ziwiri nthawi imodzi, ululu ndi kukoma. Bernini sanalakwitse posema nkhope imene siisankha mbali, pakuti ndi mmene nkhope za anthu zimakhaliradi zinthu zikafika pachimake.

Umboni wake unapezeka pa bwalo la masewera. M'chaka cha 2012 akatswiri atatu a za maganizo a anthu, Hillel Aviezer, Yaacov Trope ndi Alexander Todorov, anasonkhanitsa zithunzi za akatswiri a mpira wa tenesi zojambulidwa pa kamphindi kamene munthu wangopambana kapena wangogonja pa mfundo yofunika. Anthu ena anaonetsedwa nkhope zokha, ena matupi okha opanda nkhope, ndipo ena chithunzi chathunthu. Amene anaona nkhope zokha analephera kusiyanitsa wopambana ndi wogonja. Amene anaona matupi okha anasiyanitsa bwino. Kenaka ofufuzawo anadula nkhope za ogonja naziika pa matupi a opambana, ndipo oonera anati nkhopezo n'zachimwemwe. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa amene anaona chithunzi chathunthu, atafunsidwa chimene chinawathandiza, anati ndi nkhope.

Aliyense amene anakhalapo pa ukwati kapena pa maliro amadziwa kuti misozi ndi imodzimodzi. Chimene chimauza mlendo wodutsa kuti pano pagwa zovuta si nkhope za amayi ayi, koma manja amene ali kunkhongo, nsalu yomanga pamimba, ndi masamba amene aikidwa pamsewu.

MAYI WA KU FLORENCE

Mbali yovuta kwambiri ya phunziroli ndi yokhudza mtima wa woonayo. Chithunzi chimene anthu akhala akukangana nacho koposa zonse ndi Mona Lisa, chimene Leonardo da Vinci anayamba kujambula cha m'ma 1503 ku Italy. N'chaching'ono, masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, chojambulidwa pa thabwa, ndipo chimasungidwa ku Louvre mu mzinda wa Paris. Akatswiri ambiri amavomereza kuti wojambulidwayo ndi Lisa Gherardini, mkazi wa Francesco del Giocondo, wamalonda a nsalu wa ku Florence. Kwa zaka mazana angapo alendo ena akhala akunena kuti mayiyu akumwetulira mokoma mtima, ena kuti akunyogodola, ena kuti ali ndi chisoni chobisika, ndipo ena amati poyamba anamwetulira koma atamuyang'anitsitsa analeka.

Mbali ina ya chinsinsichi ili m'manja mwa mmisiri. Zizindikiro zazikulu za kumwetulira zimakhala m'mphepete mwa milomo ndi m'mbali mwa maso, ndipo malo amenewa ndiwo Leonardo anawasiya osaoneka bwino. Anapaka utoto wopyapyala kambirimbiri mpaka mizere yonse inasungunuka nikhala ngati utsi. Pamene mmisiri sanamalize kunena, woona amamalizitsa yekha.

Mbali ina ili m'diso. M'chaka cha 2000 Margaret Livingstone wa pa yunivesite ya Harvard anafotokoza kuti pakati pa diso ndi pamene pamaona tinthu ting'onoting'ono, pamene m'mbali mwake mumaona bwino mithunzi ikuluikulu yosalongosoka. Munthu akayang'ana maso a Mona Lisa, pakamwa pake pamaonedwa ndi m'mbali mwa diso, ndipo mithunzi ya m'masaya imakoka milomo kuti ioneke yokwera. Akatsitsa maso kuti aone pakamwa penipenipo, kumwetulira kuja kumachepa.

Koma mbali yachitatu ndiyo yofunika kwa alangizi. Ku Freiburg m'dziko la Germany, m'chaka cha 2017, ofufuza anakonza zithunzi zingapo za Mona Lisa, zina atakweza milomo pang'ono, zina ataitsitsa. Chithunzi chenicheni chosasinthidwa oonera anachiweruza kuti n'chokondwa pafupifupi nthawi zonse. Komabe pamene ofufuzawo anachulukitsa zithunzi za milomo yogwa mu mndandanda, malire a pakati pa chimwemwe ndi chisoni anasuntha. Ndiye kuti muyeso wa munthu sukhala malo amodzi, umatsata nkhope zina zimene wangoziona kumene. Chaka chotsatira, mu 2018, Erika Siegel ndi anzake ku America anasindikiza zotsatira za mayeso ena. Iwo ankaonetsa diso limodzi la munthu nkhope ya phee pakati pa zithunzi zothwanima, pamene diso linalo linkaonetsedwa nkhope yomwetulira kapena yokwiya m'njira yakuti munthuyo sankadziwa n'komwe kuti waiona. Atauzidwa kuti asankhe nkhope imene anaona, oyesedwawo ankasankha yomwetulirako pang'ono ngati nkhope yobisika ija inali yomwetulira. Chimene chinakhudza mtima mobisika chinasintha chimene maso anaona poyera.

Tsono taganizani za mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wotentha thupi kumsana, sanadye kanthu chiyambire m'mawa, ndipo wakhala pa benchi kudikira dzina lake. Chithunzi cha namwino wogwira jekeseni chimene chili patsogolo pake sichioneka kwa iye monga chinaonekera kwa wojambula amene anachijambula ali wokhuta mu ofesi. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Dzina lokha nalonso lili ndi mphamvu. Ku London kuli chithunzi chimene Frans Hals wa ku Holland anajambula mu 1624, chodziwika ndi dzina lakuti The Laughing Cavalier, kutanthauza msilikali woseka. Dzinali silinachokere kwa wojambulayo, linaperekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Munthu wa pachithunzipo sakuseka, milomo yake ndi yotseka. Ndevu zake za pamlomo wam'mwamba ndizo zinapindikira kumwamba, ndipo dzina lija limachita zotsalazo.

NKHOPE ZA MTENGO

Ku Japan kuli zisudzo zakale zotchedwa Noh, zimene zakhala zikuchitika kwa zaka zoposa 600. Wosewera wamkulu amavala nkhope yosemedwa ndi mtengo, imene siingathe kuphethira kapena kugwedeza mlomo. Komabe oonera amaiona ikulira, ikuchita manyazi, ikusangalala. Mwa mwambo wa zisudzozi, wosewera akadzutsa nkhopeyo pang'ono amati waiwalitsa, ndipo n'chizindikiro cha chimwemwe. Akaiweramitsa amati waiphimba ndi mitambo, ndipo n'chizindikiro cha chisoni.

M'chaka cha 2000 Michael Lyons ndi anzake anajambula nkhope yotereyi yokhayokha, mopendeka mosiyanasiyana, naonetsa zithunzizo kwa anthu a ku Japan ndi a ku Britain. Zotsatira zake zinatembenuza mwambo uja. Nkhope yoweramitsidwa ndiyo inkaweruzidwa kawirikawiri kuti ndi yokondwa, chifukwa ikawerama milomo imaoneka yopindikira kumwamba, ndipo yodzutsidwa inkaoneka yachisoni. Chonsecho m'bwalo la zisudzo oonera amaona chisoni pa nkhope yowerama. Kumeneko kuli chitoliro, ng'oma, mau a oyimba, kayendedwe kolemera ka wosewera ndi dzanja lake lokwezedwa pang'onopang'ono cha kumaso, ndipo zonsezi pamodzi zimagonjetsa mzere wa mlomo.

Owerenga a kuno kwao kwa Gule Wamkulu sangadabwe nazo zimenezi. Nkhope ya chilombo siisintha chilowere m'bwalo mpaka chitatuluka, koma chilombo chomwecho chimaseketsa anthu pa chisangalalo, ndipo pa maliro chimagwetsa nthumanzi. Nyimbo, ng'oma, kavinidwe ndi chifukwa chimene anthu asonkhanira ndizo zimapatsa nkhopeyo mau. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, nkhope zambiri za gule zimasungidwa m'nyumba ya Chamare. Mlendo wochokera kunja amene amaziona zili duu, popanda ng'oma, amafunika womufotokozera kuti adziwe kuti iyi ikudzudzula chiwerewere, iyo ikunyoza ulesi.

Kusiyana kwa mitundu ya anthu nakonso kumalowapo. Paul Ekman ndi Wallace Friesen anasindikiza mu 1971 zimene anapeza pakati pa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea, zosonyeza kuti nkhope zina, makamaka ya chimwemwe, zimazindikirika ngakhale kwa anthu amene sanaonepo kanema. Koma pofunsapo ankayamba awafotokozera kankhani, kenaka n'kuwauza kuti asankhe pa zithunzi ziwiri kapena zitatu, ndipo ngakhale zinali choncho anthuwo ankasokoneza mantha ndi kudabwa. Mu 2016 Carlos Crivelli ndi anzake anapeza kuti achinyamata a pa zilumba za Trobriand, m'dziko lomwelo, akaona nkhope yotong'ola maso ndi yoyasamula kukamwa, imene azungu amati ndi ya mantha, iwo amati ndi ya munthu woopseza mnzake.

PAMENE NKHOPE YASOKERETSA ODWALA NDI OWASAMALA

Zonsezi zikadakhala nkhani zongocheza nazo pakadapanda moyo wa anthu. Mu 1971 chipatala cha ana cha ku Pittsburgh, ku America, chinakonza kachizindikiro komata pa mabotolo a mankhwala oopsa. Chizindikiro chakale cha chibade ndi mafupa awiri chinkakopa ana a mumzindawo, popeza chinkafanana ndi mbendera ya timu yao ya mpira yotchedwa Pirates. M'malo mwake anajambula nkhope yobiriwira yokwinyika, lilime lili panja, naitcha Mr. Yuk. Kwa munthu wamkulu nkhopeyo imanena momveka kuti ichi n'chonyansa. Koma kafukufuku wa ku New Zealand wa mu 1982 sanapeze kuti ngozi za ana akumwa poizoni zinachepa m'mabanja amene analandira tizizindikiroti, ndipo wina wa ku America wa mu 1984 anapeza kuti ana aang'ono sanaleke kugwira mabotolo omatidwawo. Kwa mwana wa zaka 2 nkhope yotulutsa lilime ingathe kukhala ya mnzake wosewera naye. Palibe chithunzi chimene chingalowe m'malo mwa kukweza botolo la parafini kapena la mankhwala a mbeu pamalo amene mwana sangafike.

M'zipatala zambiri mwana amene sangathe kufotokoza ululu wake amaonetsedwa mzere wa nkhope 6 kuti aloze imene ikufanana ndi mmene akumvera. Muyeso wotchuka wa Donna Wong ndi Connie Baker, umene unatuluka mu 1983, umayamba ndi nkhope yomwetulira n'kuthera pa nkhope ya misozi. Mu 1998 Christine Chambers ndi Kenneth Craig a ku Canada anaonetsa vuto lake. Mwana amene sakumva ululu koma ali ndi mantha pa chipatala safuna kuloza nkhope yoseka, popeza iye sakuseka, choncho amaloza ya pakati, ndipo ululu wake umalembedwa wokwera kuposa mmene ulili. Mnyamata amene anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira angathenso kupewa nkhope ya misozi ngakhale akuvutika kwambiri. Muyeso wina umene unakonzedwanso mu 2001 ulibe kumwetulira kapena misozi, ndipo namwino amauzidwa kuti asatchule mau akuti kukondwa kapena chisoni poufotokoza.

Matenda ena amajambula okha nkhope yonama pa wodwala. Charles Bell, dokotala wa ku Scotland amene analinso mmisiri wa zojambula, anajambula mu 1809 msilikali wovulala ku nkhondo amene anagwidwa ndi kafumbata, ndipo chithunzicho chimasungidwa ku Edinburgh. Poizoni wa tizilombo ta kafumbata amaumitsa minofu, nsagwada zimamangika, milomo imakokekera m'mbali mano n'kukhala pamtunda, ndipo wodwala amaoneka ngati akuseka. Pa chithunzi cha Bell palibe angasokonezeke, chifukwa msana wa msilikaliyo wapindika ngati uta ndipo zala zake zafumbata. Wojambula chithunzi chophunzitsira za kafumbata wa makanda akangoonetsa nkhope yokha ya khandalo, wataya phunziro lonse. Ayenera kuonetsa timanja tofumbata, thupi louma, ndi bere la mayi limene khandalo laleka kuyamwa.

Chimodzimodzinso ndi mwana wotupikana chifukwa cha kusowa zakudya zomanga thupi. Masaya ake amakhala odzaza, ndipo pa chithunzi cha nkhope yokha agogo angathe kumuyamikira kuti ndi wonenepa bwino. Chimene chimaulula matendawa ndi mapazi otupa, tsitsi lofiirira lonyonyoka, khungu losupuka, ndi kukhala ndwii pamene anzake akusewera pambali. Anzake osewerawo asachotsedwe pa chithunzi, pakuti ndiwo amapatsa nkhope ya wodwalayo tanthauzo. Wodwala khate amene mitsempha ya kumaso yafa, ndiponso nkhalamba ya matenda a Parkinson imene nkhope yake yauma, kawirikawiri amaganiziridwa kuti ndi amwano kapena osayamika, pamene mumtima mwao mulibe zotero.

KUYESA CHITHUNZI CHISANAPACHIKIDWE

Wina angaganize kuti mankhwala a vutoli ndi kudzaza chithunzi ndi zinthu zambiri. Si choncho ayi. Andreas Fuglesang wa ku Norway, amene anagwira ntchito ndi bungwe loona za chakudya ndi kadyedwe ku Lusaka m'dziko la Zambia, ndipo analemba buku la nkhaniyi mu 1973, anayesa mitundu inayi ya zithunzi pakati pa anthu osadziwa kuwerenga. Chimene anthu ambiri anachisankha chinali chithunzi cha kamera chimene zinthu zakumbuyo zosafunika zinafufutidwa. Motero luso lagona pa kusankha. Mitengo, nkhuku ndi mitambo zingathe kuchoka, koma manja, kaimidwe ka thupi, chinthu chimene munthuyo akuyang'ana ndi munthu amene ali naye pafupi ziyenera kutsala.

Wojambula wophunzira kunja ayeneranso kukumbukira miyambo ya anthu amene adzaone ntchito yake. Mayi woyang'ana pansi polankhula ndi dokotala akupereka ulemu, koma m'mabuku a zojambula a ku Ulaya kuyang'ana pansi ndi manyazi kapena chisoni. Dzanja logwira tsaya, limene kwina limasonyeza munthu woganiza mwanzeru, kumudzi limafunsitsa kuti kwagwanji.

Kayesedwe kake sikafuna ndalama. Mlangizi atenge chithunzicho, aphimbe mau onse, apite nacho kwa anthu 10 kapena 20 ofanana ndi amene chinakonzedwera, osati kwa anzake a pa ntchito kapena ana a sukulu okha. Aonetse munthu mmodzimmodzi, chifukwa pagulu anthu amadikira kuti a mfumu kapena mayi wolemekezeka ayambe ayankha, ndipo onse amangovomereza. Funso likhale lotseguka: "Amayi, mukuona chiyani apa?" Kenaka: "Chachitika n'chiyani kwa munthu ameneyu?" Funso lakuti "Mayiyu akudandaula, si choncho?" laika kale yankho m'kamwa mwa wofunsidwa, ndipo mwaulemu iye adzangoti, "Inde, achikulire, akudandauladi." Mlangizi asakonze yankho lolakwa, asaseke, ndipo asamale nkhope yake yomwe, pakuti wofunsidwa amawerenga nkhope ziwiri, ya papepala ndi ya wogwira pepalalo. Mayankho alembedwe monga ananenedwera.

Pambuyo pake aphimbe nkhope ya pachithunzi ndi kapepala, afunse anthu ena mafunso omwewo. Ngati nkhaniyo ikumvekabe nkhope itaphimbidwa, chithunzicho n'cholimba. Ngati yatayika, ndiye kuti wojambula anasenzetsa nkhope katundu amene siingathe kunyamula, ndipo chithunzicho chibwezedwe kuti manja ndi thupi zikonzedwe. Masamba otembenuza ayesedwe motsatana monga adzaonetsedwere, osati limodzilimodzi.

Malo opachikapo ayesedwenso. Chithunzi cha banja losangalala cholimbikitsa kulera chimaoneka bwino pa khonde la sikelo, koma chomwecho chikapachikidwa pa njira yopita ku nyumba ya chisoni, kapena moyang'anana ndi bedi la mayi amene wangopita padera, chimakhala chipongwe. Mlangizi asanakhome msomali ayambe wakhala pa benchi pamene odwala amakhala, pa ora limene iwo amakhalapo, ndipo ayang'ane khomalo kuchokera pamenepo.